Mfuti yodziwa mwini wake

Agogo anga kwa Chiwalo anali ndi gogodera imene ankaibisa kudenga. Inali ndi khalidwe lake: mvula ikagwa, wonga ukanyowa, inkangoti "khethe" basi, nguluwe n'kumapita. Iwo ankati mfuti ikakana, yakana, usaikakamize.

Ndinaikumbukira gogoderayo nditamva za mkangano wa ku America pa mfuti zazing'ono za m'manja zokhala ndi loko wamagetsi, zimene zimalira pokhapokha zitamuzindikira mwini wake. Cholinga n'chomveka: mwana akaitola, kapena mbala ikailanda, isagwire ntchito.

Ife a m'malire tikudziwa kuopsa kwa mfuti yosasankha dzanja. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, ma AK-47 anayamba kudutsa m'tinjira tomwe tinkadutsa othawa nkhondo. Mu December 1993 asilikali analanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani, ena mwa iwo n'kuthawira ku Mozambique komweko. Zaka zimenezo, galu akauwa usiku, tonse tinkakhala tsonga pamphasa. AK safunsa kuti ndiwe yani; ngakhale itagona m'matope imalirabe.

Ndiye mungaganize kuti mfuti yokana mlendo anthu akanailandira ndi manja awiri. Ayi ndithu. Mu 2002 boma la New Jersey linakhazikitsa lamulo lakuti mfuti zotere zikadzayamba kugulitsidwa, patapita zaka zitatu masitolo a kumeneko azidzagulitsa zokhazo. Lamulolo ndilo linaononga zinthu. Kampani ya ku Germany ya Armatix itabweretsa mfuti yake ya iP1, imene inkalira pokhapokha mwini wake atavala wotchi yapadera pamkono, eni mfuti anaona ngati boma layamba kuwatola. Mu 2014 wogulitsa wina ku Maryland anaopsezedwa kuti aphedwa, ndipo anasiya malondawo. Lamulo lija analifewetsa mu 2019.

Koma otsutsawo sikuti ankangolalata. Funso lawo linali la agogo lomwe lija: nanga batire ikatha chigawenga chili pakhomo? Nanga chala chikakhala ndi thukuta kapena magazi, makina akachidziwa? Mu 2017 katswiri wina wa makompyuta anaonetsa kuti iP1 ikhoza kulira popanda wotchi, atangoigunditsa maginito a madola 15, ndiponso kuti munthu akhoza kuitsekereza patali, mwini wake n'kumangokoka pachabe. Apa ndiye panavuta: loko wolephera mbali zonse ziwiri!

Ine pamkanganowu ndimapendekera kwa ofuna loko, ngakhale wosalongosoka. Chifukwa chake ndi msuweni wanga. Tili ana, agogo atapita kudimba, iye anakwera pamtondo n'kuitsitsa gogodera ija, nandiloza pachifuwa mwamasewera, n'kukoka. Unali mwezi wa February, mvula itagwa sabata yathunthu, denga likudontha. Inangoti "khethe".

Agogo atabwera sanatimenye. Anakhala pakhonde nthawi yaitali osayankhula, kenaka anatenga khasu ndi mfutiyo n'kulowera kuseri kwa nkhokwe.