Nsomba Ziwili, Udzu ndi Nkhono

Mu 1849, katswili wa chemistry wa ku London, Robert Warington, anatenga cigalasi ca malita oposa 50, anaika mcenga ndi matope pansi, nathila madzi mpaka pakati. Anabzalamo udzu wa m'madzi wochedwa Vallisneria, naikamo nsomba ziwili za goldfish. Anafuna kudziwa ngati nsomba zingakhale ndi moyo m'madzi amene sasinthidwa.

Nkhani imeneyi ndimaifotokozela ana a m'kalasi langa tikafika pa mutu wa photosynthesis, cifukwa imaonetsa ndi maso zimene buku limangonena. Kale mu 1771, Joseph Priestley anapeza kuti comela cimakonza mpweya umene kandulo waononga. Mu 1779, Jan Ingenhousz anaonjezela kuti comela cimacita zimenezi pokhapokha pali kuwala. Warington anatengela nzelu yomweyo m'madzi: nsomba itulutse carbon dioxide, udzu uigwilitse nchito, ubweze okosijeni.

Poyamba zinthu zinavuta. Masamba akale a udzu uja anayamba kuola, madzi anada, ndele zinamela pagalasi. Warington sanataye madziwo. Anaikamo nkhono zocepa za m'dziwe. Nkhonozo zinadya zoola ndi ndele, madzi anayela, udzu unaphuka, nsomba zinakhala bwino. Mu 1850 anafotokoza zimenezi ku Chemical Society.

Kucokela apo, nkhani inafala. Mu 1853 London Zoo inatsegula nyumba ya nsomba yoti anthu azikaona, ndipo mu 1854 Philip Henry Gosse anatulutsa buku limene linachukitsa dzina lakuti aquarium. Mabanja ambili a ku England anagula magalasi, koma ambili anathamangila nsomba naiwala comela. Nsomba zikaculuka m'madzi ocepa, mpweya umatha, zonyansa zimaunjikana, nsomba zimafa.

Patapita zaka zoposa 100, Takashi Amano wa ku Japan, amene anabadwa mu 1954 ndi kumwalila mu 2015, anaikanso comela patsogolo. Anali kukonza miyala, mitengo ndi udzu m'galasi kuti zioneke ngati nkhalango yaing'ono. Polimbana ndi ndele, anagwilitsa nchito tizilombo ta m'madzi tochedwa shrimp, ndipo lelo mtundu wake umadziwika ndi dzina lake. Nchito ya tizilomboti ndi yomwe ija ya nkhono za Warington.

Ndiye iwe wa mu komboni, mbili imeneyi ikukhudza bwanji? Galasi la Warington linalibe pampu, linalibe fyuluta, linalibe waya uliwonse. Kwa ife amene timadziwa kukhala maola ambili malaiti atapita, imeneyo ndi nkhani yaikulu. Thanki yodzaza nsomba imene idalila pampu yokha ili pangozi malaiti akazima usiku wonse. Thanki ya zomela zambili ndi nsomba zocepa imapilila.

Ngati ufuna kuyamba, tsata dongosolo lomwelo. Sankha malo owala koma osaomba dzuwa mwacindunji, cifukwa dzuwa lambili limabeleketsa ndele. Ika dothi pang'ono pansi, uphimbe ndi mcenga wotsuka. Madzi a pampopi ali ndi chlorine, conco ayambe akhala mu baketi yosavundikila kwa tsiku limodzi kapena awili. Bzala zomela zambili. Vallisneria si yosowa kwathu kuno, imamela ngakhale m'nyanja ya Tanganyika. Kenako dikila milungu ingapo, kuti mabakiteliya amene amasintha ammonia ya m'zonyansa za nsomba ayambe aculuka. Ukatelo, ika nsomba zocepa ndi nkhono, ndipo uzidyetsa pang'ono. Usiku zomela nazo zimapuma okosijeni, ndiye usapanikize nsomba. Nthawi ndi nthawi uzisintha gawo la madzi.

Cimene cimavuta ana anga ndi kudikila. Amafuna nsomba tsiku loyamba, cifukwa ndizo zimaoneka. Ndimawauza kuti ayambe asamala udzu kwa mwezi wathunthu. Amene udzu wake waphuka masamba atsopano, ameneyo ndiye wakonzeka kugula nsomba.