KUZINDIKIRA NYAMA ZA M'TCHIRE M'MALO OUMA

Dziko lathu liribe chipululu, koma kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka Novembala, pamene udzu wapsa ndipo mitsinje yaphwa, nthaka ya kuno ku Ndunde imakhala fumbi lokhalokha. Iyi ndiyo nyengo imene ife timatha kuwerenga mapazi a nyama mosavuta. Nzeru imeneyi ndi yofunika kwa onse olawira m'mamawa pa ulendo wapansi, komanso kwa oweta mbuzi.

Phunziro la ku chipululu

Chipululu cha Namib chatambalala makilomita pafupifupi 2,000 m'mbali mwa nyanja ya mchere ya Atlantic, kuchokera ku Angola kudzera ku Namibia mpaka ku South Africa. Mvula njosowa, koma nkhungu yochokera kunyanja imapatsa zamoyo madzi. Kuli kafumbwe kena kamene kamakwera pamwamba pa mulu wa mchenga, nkuweramitsa mutu kuti madontho a nkhungu atsikire kukamwa. Nyama zambiri kumeneko zimayenda usiku, choncho ozitsata amadzuka mbandakucha mphepo isanafafanize mapazi. Lamulo lomweli likugwira ntchito kwathu kuno.

Zizindikiro zofunika

Fisi: phazi lake limaonetsa zikhadabo, ndipo la kutsogolo ndi lalikulu kuposa la kumbuyo. Ndowe zake zikauma zimayera ngati phulusa chifukwa amadya mafupa.

Kambuku: phazi lake ndi lobulungira ndipo zikhadabo sizioneka, pakuti amazibisa poyenda monga amachitira mphaka. Ichi ndicho chimatithandiza kusiyanitsa phazi lake ndi la galu.

Nguluwe: imafukula chinangwa ndi mbatata usiku, nkusiya nthaka yotembenuzika ngati polimidwa.

Nungu: imasiya minga yake ya mizere yoyera ndi yakuda m'njira imene yadutsa.

Mphiri: ndi njoka yonenepa yomwe imasiya mzere woongoka m'fumbi. Kawirikawiri siithawa munthu akayandikira, motero tiyenera kuyenda ndi nyali usiku. Wolumidwa apite naye kuchipatala msanga, osatema mphini kapena kumanga chingwe pamwendo.

Komwe tingakaone nyama

Malo otentha ndi ouma omwe ali pafupi nafe ndi nkhalango ya Lengwe m'boma la Chikwawa, imene inakhala paki m'chaka cha 1970. Imadziwika ndi boo. Wamphongo ndi wodera, wa nyanga zopotana; wamkazi ndi wofiirira, wa mizere yoyera, ndipo alibe nyanga. Kulinso njati, njiri ndi anyani. M'chilimwe nyama zimasonkhana pa zitsime, ndipo woona amakhala chete m'kanyumba kobisalira, mphepo ikuchokera kumene kuli nyamazo.

Chenjezo

Ngaka, kanyama ka mamba kamene kamadzipinda kakaopsedwa, ndi yotetezedwa. Malinga ndi lamulo la nyama za m'tchire lomwe linakonzedwanso m'chaka cha 2017, wopezeka nayo angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Tikaiona tiisiye, ndipo tidziwitse apolisi kapena a nthambi yoona za nyama za m'tchire. Chimodzimodzinso mapazi a fisi akachuluka pafupi ndi makola: tiuze amfumu, tilimbitse makola, ndipo ana asatumidwe kukada.