Mmene Anthu a ku Glasgow Ankafunira Mulungu Paokha

M'chaka cha 1647, msonkhano waukulu wa mpingo wa Church of Scotland unavomereza malangizo a kapembedzedwe ka pakhomo. Ndime yake yoyamba inali yokhudza munthu mmodzi payekha. Mkhristu aliyense ankayenera kupatula nthawi m'mawa ndi madzulo yopemphera ndi kusinkhasinkha popanda womuona, ndipo abusa anauzidwa kuti asaleke kukumbutsa nkhosa zawo za udindowu. Gwero lake linali Mateyu 6, pamene Yesu amanena za kulowa m'chipinda n'kutseka chitseko. Koma ambiri mwa anthu a ku Glasgow ndi midzi yozungulira analibe chipinda choti n'kudzitsekeramo.

Umboni wa mmene ankachitira unasungika chifukwa cha khama la m'busa wina wa ku Cambuslang, mudzi wa anthu owomba nsalu kum'mwera chakum'mawa kwa mzindawu. M'chaka cha 1742 kumeneko kunabuka chitsitsimutso. Mlaliki wotchuka George Whitefield anabwera, ndipo akuti pa Mgonero wa Ambuye wa mu Ogasiti panasonkhana anthu pafupifupi 30,000. M'busa wa pamalopo, William McCulloch, sanakhutire ndi kuwerenga mitu. Anakhala pansi ndi anthu oposa 100, mmodzimmodzi, n'kulemba zimene zinkachitika m'mitima yawo. Ambiri anali amayi ndi atsikana, antchito a m'nyumba za eni, ana a alimi ndi a owomba nsalu. Zolembazo zili ku New College mumzinda wa Edinburgh mpaka lero.

Wowerenga maumboniwo amadabwa kuona kuti nkhani zambiri zinachitikira kutali ndi khamu lija. Ulaliki unkabaya mtima, inde, koma wobayidwayo ankapita kumunda, kukhola kapena kuseri kwa nyumba n'kukagwada kumeneko. Ena ankakhala masabata akulimbana ndi mantha a tchimo, akupemphera osamva kanthu, mpaka tsiku lina vesi limene analoweza ali ana n'kuwafikira ngati kuti lanenedwa kwa iwo okha. Anthu amenewa anakula akuyankha mafunso a katekisimu, ndipo za Mulungu ankazidziwa bwino. Chimene ankalirira kumundako chinali kumudziwa mwini wakeyo.

Patatha zaka ziwiri, mu Okutobala 1744, abusa angapo, mmodzi mwa iwo John Maclaurin wa ku Glasgow, anapangana kuti iwo ndi akhristu awo azipatula nthawi Loweruka madzulo ndi Lamulungu m'mawa, aliyense komwe ali, kupempherera kufalikira kwa ufumu wa Khristu. Panganolo linawoloka nyanja, ndipo Jonathan Edwards wa ku America analemba buku lolichirikiza. Bukulo linafika m'manja mwa abusa a Baptist ku England mu 1784, nawonso n'kuyamba mapemphero a mwezi ndi mwezi, amene anabala bungwe lotumiza amishonale la William Carey mu 1792.

Kenaka kunabwera mafakitale. Mu 1801 Glasgow inali ndi anthu pafupifupi 77,000. Pofika 1901 anali ataposa 750,000. Kalembera wa 1861 anapeza kuti pafupifupi banja limodzi pa atatu alionse ku Scotland linkakhala m'nyumba ya chipinda chimodzi, chophikiramo, chogonamo, chobadwiramo ana. M'chipinda chotere, ku Shuttle Row m'mudzi wa Blantyre m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndimo munabadwira David Livingstone mu 1813. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito mufakitale ya thonje, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, ndipo mu 1836 anapita kukaphunzira udokotala ku Anderson's College mu Glasgow.

Amene anasiya chithunzi chomveka bwino cha mwambo wa pemphero la mseri mkati mwa phokoso la mzinda ndi Andrew Bonar, m'busa wa Free Church ku Finnieston, dera la pafupi ndi doko, kuyambira 1856 mpaka imfa yake mu Disembala 1892. Mwana wake Marjory anasindikiza buku limene bambo akewo ankalembamo za tsiku ndi tsiku. Anthu ankamuona Bonar ngati woyera mtima, koma m'bukumo muli munthu wodziimba mlandu chaka ndi chaka kuti sakupemphera mokwanira. Maulendo oyendera odwala, misonkhano ndi makalata zinkamudyera nthawi, ndipo iye ankaona kuti ntchito ya Mulungu yomweyo ikhoza kumutalikitsa munthu ndi Mulungu. Mankhwala ake anali kupatula masiku osala kudya ndi kupemphera, kuwerenga Baibulo m'Chihebri ndi m'Chigiriki, ndi kutchula anthu a mumpingo mwake mayina pamaso pa Ambuye. Mkazi wake Isabella atamwalira mu 1864, tsikulo ankalikumbukira m'mapemphero chaka chilichonse. Kukoma kwa bukuli n'koti silinamiza munthu kuti pemphero la mseri n'lophweka, ngakhale kwa nkhalamba imene yalichita zaka makumi asanu ndi limodzi.

Mbiri yomweyi ili ndi chilonda chimene sichiyenera kubisidwa. Lord Overtoun, mkhristu wodziwika amene ndalama zake zinathandiza kumanga sukulu ya ku Khondowe yotchedwa dzina lake, anali mwini fakitale ya mankhwala ku Shawfield. Mu 1899 wandale Keir Hardie anaulula kuti antchito a kumeneko ankagwira maola 12 pa tsiku, Lamulungu lomwe, mu fumbi limene linkawaboola mphuno. Amene ankalimbikitsa ena kusunga Sabata anali kuwamana ake omwe mpata wopuma, osanenanso wogwada.

Mwambowu unafika kwathu kudzera m'nkhani ya imfa. Pa 1 Meyi 1873, m'mudzi wa Chitambo m'dera la Ilala ku Zambia, anyamata a Livingstone anamupeza atamwalira chogwada pambali pa bedi. Horace Waller, amene anakonza zolemba zake zomaliza atamva kwa Susi ndi Chuma, antchito a Livingstone, anafalitsa chithunzi cha munthu womwalira akupemphera, ndipo chinagwira mitima ku Scotland. Mu Januwale 1875 amalonda a ku Glasgow, kuphatikizapo James Stevenson ndi James White, anasonkha ndalama zoyambitsira mishoni ya Livingstonia. Pa 12 Okutobala chaka chomwecho sitima ya Ilala inalowa m'nyanja ya Malawi, ili ndi Robert Laws, amene anagwirako ntchito ndi Glasgow City Mission pakati pa odwala nthomba.

Donald Fraser, wophunzira wa pa yunivesite ya Glasgow, anabweretsa kwa Angoni misonkhano ya Mgonero ya masiku angapo yofanana ndi ya ku Cambuslang. Woyamba waukulu unachitikira ku Ekwendeni mu 1898, ndipo kunabwera anthu masauzande. Nakonso ena ankachoka pagulu usiku n'kulowa m'tchire kukapemphera okha.

Sikuti Asikotishi ndiwo anaphunzitsa makolo athu kulankhula ndi Chauta. Akachisi ndi nsembe za mvula zinalipo kalekale, ndipo mapiri ankalemekezedwa amishonale asanabwere. Zimene anawonjezera ndi Baibulo m'chinenero cha munthu mwini, nthawi zoikika za m'mawa ndi madzulo, ndi chiphunzitso choti mtsikana wantchito ali ndi ufulu wofika kwa Mulungu popanda womuperekeza. Lero wokhala m'chipinda chimodzi cha lendi ku Ndirande kapena kwa Chinsapo ali ndi vuto lomwe anali nalo wowomba nsalu wa m'mbali mwa Clyde, ndipo njira zokwera phiri la Soche ndi la Bunda zimadzaza Loweruka m'mawa ndi anthu a mipingo yosiyanasiyana, atanyamula Baibulo, botolo la madzi ndi chitenje choyala pamwala.