Moto wa pamafuwa ku Matema: mwini wake ndani?

Botija ya gasi ya azakhali anga ku Matema yatha miyezi itatu ili pakona ya khitchini. Anaiphimba ndi kachitenje, pamwamba pake nasanjikapo beseni la mbale. Gasi atatha sanapitenso kukaisinthitsa. Tsiku lomwe ndinawachezera ndinawapeza panja, pansi pa mtengo wa mango, akukupiza mbaula ndi chivundikiro cha poto, thukuta lili kamukamu. Amene anakhalako ku Tete mwezi wa Okutobala akudziwa kuti kuwerama pa makala oyaka masana n'chilango.

"Nanga botija ija bwanji, azakhali?" ndinafunsa.

"Mwanawe, botija imafuna ndalama zonse tsiku limodzi. Makala ndimagula a lero lokha, mawa ndikaona mawa."

Chimene chinandiwawa n'chakuti pabwalo lomwelo, munthu ukaimirira n'kuyang'ana kumsewu waukulu, uli pakati penipeni pa chuma cha moto cha dziko la Mozambique. Matema ali kutsidya la kumpoto kwa Zambezi, ukangowoloka mlatho wa Samora Machel, pa njira yopita ku Moatize ndi ku Zóbuè. Makilomita pafupifupi 20 kutsogolo kuli migodi ya malasha. Kumtunda kwa mtsinje kuli damu la Cahora Bassa. Kum'mwera, ku Inhambane, gasi wakhala akutuluka pansi kuyambira 2004. Komabe mayi wa ku Matema akuphikira mtengo wa tsanya umene wina anadula ndi kuwotcha kutchire. Kuti timvetse mmene zinafikira apa tiyenera kubwerera kumbuyo ndithu.

Tiyambire pa madzi. Mu 1858 David Livingstone anakwera Zambezi ndi sitima yake yotchedwa Ma Robert, ali ndi chiyembekezo choti mtsinjewu ukhala msewu wa malonda wolowera m'katikati mwa Africa. Mathithi a Kebrabasa, kumtunda kwa Tete, anamubweza. Anthu amati dzinalo linachokera ku Chinyungwe, ndipo tanthauzo lake ndi pothera ntchito, poti opalasa ngalawa akafika pamenepo basa limatha. Patapita zaka zoposa 100, Apwitikizi anaona kuti mpata wopapatiza umene unalepheretsa sitima uja ndi wabwino kutsekapo madzi. Ntchito yomanga damu la Cahora Bassa inayamba mu 1969 pansi pa gulu la makampani lotchedwa Zamco, lomwe linkatsogoleredwa ndi Anglo American ya ku South Africa, ndipo madzi anatsekedwa kumapeto kwa 1974.

Kuyambira pa pulani yake yoyamba, damuli silinamangidwire anthu a m'mbali mwa Zambezi. Wogula magetsi anali atadziwika kale: Eskom, kampani ya magetsi ya boma la tsankho la South Africa. Mawaya anakokedwa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera ku Songo, pa damupo, mpaka ku Apollo, kufupi ndi Johannesburg, ndipo mtundu wa magetsi oyenda m'mawayawo ndi wosatheka kungoupatutsira m'mudzi umene ukudutsa. Anthu zikwizikwi anasamutsidwa m'minda yawo ya m'dimba n'kuunjikidwa m'midzi yolonderedwa ndi asilikali. N'chifukwa chake Frelimo, imene inatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete mu 1968, inkalitenga damuli ngati mdani.

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, koma damu silinabwere nawo. Kampani ya Hidroeléctrica de Cahora Bassa, imene tonse timangoti HCB, inakhazikitsidwa chaka chomwecho, Portugal itatenga magawo 82 pa 100 aliwonse, Mozambique 18. Mfundo inali yoti Portugal iyambe yabweza ngongole za kumangako. Kenaka nkhondo yapachiweniweni inafika, Renamo inagwetsa nsanja za mawaya mazanamazana, ndipo kwa zaka zoposa khumi makina otha kupanga mamegawati 2,075 ankangotulutsa kachigawo kochepa. Ngongole inkakulirakulira. Mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992, mawaya anakonzedwa, ndipo pofika 1998 magetsi anayambanso kupita kum'mwera pa mtengo wotsika kwambiri.

Tsiku limene akuluakulu a kuno sadzaliiwala ndi 27 Novembala 2007. Pulezidenti Armando Guebuza anaima ku Songo n'kulengeza kuti Cahora Bassa ndi yathu. Mozambique inalipira madola 700 miliyoni, HCB inaonjezapo 250 miliyoni, ndipo gawo la dziko linakwera kufika pa 85. Mu 2012 linafika pa 92.5, zotsalazo zili m'manja mwa kampani ya ku Portugal ya REN. Mu 2019 magawo anayi pa 100 anagulitsidwa kwa nzika pa msika wa masheya, sheya imodzi pa 3 meticais. Ine ndimaona kuti imeneyi inali ntchito yaikulu, ndipo sindigwirizana ndi amene amainyoza. Phindu limene linkapita ku Lisbon tsopano limalowa m'thumba la boma, ndipo mawaya a EDM, kampani ya boma yogawa magetsi imene inabadwa mu 1977, afika m'maboma amene kale ankangodziwa koloboyi.

Koma akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. HCB siigulitsa magetsi kwa azakhali anga. Imagulitsa kwa Eskom, kwa EDM ndi kwa maiko ena oyandikana nawo, ndipo gawo lalikulu likupitabe ku South Africa. Kwa zaka zambiri magetsi okwana mamegawati pafupifupi 950 ankabwerera kuchokera kumeneko kudzayendetsa fakitale imodzi yokha, ya aluminiyamu ya Mozal pafupi ndi Maputo, imene eni ake aakulu ndi akunja. Chimene chimafika ku Matema ndi kabokosi ka Credelec pakhoma. Umagula mayunitsi, n'kulemba manambala, kenaka n'kumayang'anitsitsa momwe akutsikira. Azakhali amawasungira nyale, fani ya usiku ndi firiji ya madzi ozizira amene amagulitsa m'mabotolo. Kuphikira nyemba pa magetsi sangayerekeze n'komwe.

Nkhani ya malasha ndiifupikitsa, poti aliyense wa kuno anaiona ndi maso. Vale ya ku Brazil inapata chilolezo cha Moatize mu 2004 n'kuyamba kutumiza malasha kunja mu 2011. Matema anadzaza alendo, lendi inakwera, malo ogona ndi masitolo zinamera m'mbali mwa msewu. Mabanja oposa 1,300 anasamutsidwira ku Cateme ndi ku 25 de Setembro, ndipo mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka. Rio Tinto inagula mgodi wa Benga ndi madola pafupifupi 4 biliyoni mu 2011, n'kuugulitsa kwa ICVL ya ku India mu 2014 pa madola 50 miliyoni okha. Vale nayo inalengeza kumapeto kwa 2021 kuti yagulitsa mgodi ndi njanji ya ku Nacala, yodutsa m'Malawi, kwa Vulcan pa madola 270 miliyoni. Eni asinthana kangapo. Malashawo amapita kukasungunula zitsulo ndi kuyatsa magetsi kutsidya la nyanja, ndipo chotsalira kuno ndi fumbi lakuda pa zovala zoyanika.

Tsopano gasi, pomwe pali chisokonezo chachikulu. Ambiri amafunsa kuti, dziko lokumba gasi lingamadandaule bwanji mtengo wa botija? Funsoli n'loyenera, ndipo yankho lake lili m'mbiri. Gasi anapezeka ku Pande mu 1961, ku Temane mu 1967, koma anakhala pansi zaka makumi anayi kusowa wogula. Wogula atapezeka analinso wa kum'mwera. Sasol ya ku South Africa inayala paipi ya makilomita 865 kuchokera ku Temane mpaka ku Secunda, ndipo gasi anayamba kuyenda mu 2004. Kwa zaka zambiri theka la kampani ya paipiyo, Rompco, linali la Sasol, maboma awiri n'kugawana theka linalo. Kuyambira 2022 mbali ya Mozambique ili ndi magawo 40, ya South Africa 40, Sasol 20. Kumpoto, m'nyanja ya ku Cabo Delgado, Anadarko ndi Eni anapeza gasi wochuluka zedi mu 2010 ndi 2011. Sitima yoyamba ya gasi wa Coral Sul inanyamuka mu Novembala 2022 kulowera ku Ulaya, pomwe ntchito ya TotalEnergies inaima mu 2021 zigawenga zitaukira tauni ya Palma.

Gasi yenseyo ndi wa mtundu wina, woyenda m'mapaipi kapena m'sitima zozizira kwambiri. Wa m'botija ndi uja amamutcha GPL, amene amachita kupatulidwa m'fakitale. Kwa zaka zonsezi Mozambique inalibe fakitale yokwanira yotero, choncho gasi wophikira ankagulidwa kunja ndi madola kudzera ku Imopetro, kutsitsidwa padoko, n'kuthiridwa m'mabotija a makampani monga Galp, Afrox ndi Petromoc. Mtengo umalengezedwa ndi Arene, bungwe la boma loyang'anira za mphamvu, potengera msika wa kunja ndi mphamvu ya metical. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu Febuluwale 2022, mtengo unakwera kangapo m'miyezi yochepa, ndipo pofika Julayi kilogalamu imodzi inali itadutsa 100 meticais. Botija ya makilogalamu 11 inkafuna ndalama zoposa 1,100 meticais, ndipo umenewo ndi mtengo wa kumadoko. Tete ali makilomita pafupifupi 600 kuchokera ku Beira, ndiye wa kuno amalipiranso dizilo wa lole, kuphatikizapo txopela yonyamula botija kufika nayo pakhomo.

Mtengo unadzatsikako pambuyo pake, koma mabanja ambiri amene anabwerera ku mbaula sanachokekonso. Vuto si mtengo wokha, koma kalipiridwe. Woguza njinga ya makala amalola kukugulitsa kapulasitiki ka tsiku limodzi, nthawi zina pangongole poti amakudziwa. Wogulitsa gasi sangatsegule botija kuti akupimire wa nsima ya madzulo ano. Mayi wogulitsa tomato, amene ndalama yake imabwera pang'onopang'ono, amasankha chimene chikugwirizana ndi thumba lake, ngakhale akudziwa kuti pakutha pa mwezi makala amudyera zambiri. Mtengo weniweni ukulipiridwa ndi nkhalango za ku Changara, Marara ndi Moatize, komanso zifuwa za amayi ndi ana ali kumsana.

Mu Malichi 2022 Pulezidenti Filipe Nyusi anaika mwala wa maziko ku Inhassoro wa fakitale ya Sasol yopanga gasi wophikira wokwana matani 30,000 pachaka. Mu Disembala 2023 boma linasainirana ndi EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo za damu latsopano la Mphanda Nkuwa la mamegawati 1,500, pakati pa Cahora Bassa ndi mzinda wa Tete, ndipo makampani akunjawo atenga magawo 70, EDM ndi HCB 30. Mawaya ena achoka ku Matambo, kunja kwa mzinda uno, kupita ku Phombeya m'boma la Balaka kuti abale athu a ku Malawi agule nawo magetsi. Zonsezi n'zabwino, koma ndikuona kachitidwe kakale kakubwerezedwa: amayamba apeza wogula wamkulu wakutali, wa pafupi n'kudzamuganizira pamapeto.

Pempho langa kwa aphungu a chigawo cha Tete ndi akuluakulu a Arene n'lakuti gasi wa ku Inhassoro akhale ndi gawo lolembedwa la zigawo za kumtunda, pa mtengo wofanana ndi wa ku Maputo. Pakhale mabotija ang'onoang'ono amene mayi wa pamsika angathe kusinthitsa ndi ndalama ya masiku awiri, ndiponso malo odzazira gasi mu Tete momwemuno. Ndipo mapangano a Mphanda Nkuwa asanamalizidwe, anthu a ku Matema, Matundo ndi Chingodzi auzidwe poyera kuti mwa mamegawati 1,500 aja, angati adzatsala kuno.