Tanthauzo ndi gwero la mawu akuti bursa

Mawu akuti bursa amapezeka m'malipoti a zaumoyo ndi a zaziweto omwe amafika m'maofesi a boma. Madokotala akatchula mawuwa amanena kathumba kopezeka m'thupi la munthu kapena la nyama.

Gwero lake ndi mawu a Chigiriki akuti byrsa, kutanthauza chikopa chosendedwa ku nyama. Popeza anthu akale ankasoka zikwama zachikopa, mawuwa atalowa m'Chilatini anayamba kutanthauza chikwama cha ndalama. N'chifukwa chake msungichuma wa pasukulu amatchedwa bursar, ndipo thandizo la fizi limatchedwa bursary. Akatswiri a zathupi anabwereka mawu omwewa ataona kuti tiziwalo tina timafanana ndi chikwama.

M'thupi la munthu muli timatumba totere pafupifupi 150, makamaka paphewa, pachigongono, pabondo, m'chiuno ndi pachidendene. M'kati mwake muli timadzi toterera tomwe timateteza minofu kuti isamakhulane ndi fupa. Kathumba kotere kakatupa, matendawo amatchedwa bursitis. Amakonda kugwira anthu ogwada nthawi yaitali komanso otsamiritsa chigongono patebulo tsiku lonse.

Mbalame nazo zili ndi kathumba kapadera pamwamba pa malo otulukira chitosi. Kamadziwika ndi dzina la Hieronymus Fabricius, mphunzitsi wa payunivesite ya Padua ku Italy, yemwe zolemba zake zofotokoza kathumbaka zinasindikizidwa mu 1621, iye atamwalira kale. Mu 1956, Bruce Glick ndi Timothy Chang a ku Ohio State University anasonyeza kuti nkhuku zomwe zinachotsedwa kathumbaka zili anapiye zimalephera kupanga chitetezo chokwanira. Maselo opanga chitetezocho anapatsidwa chilembo B kuchokera ku mawu akuti bursa, ngakhale kuti mwa munthu amakhwimira m'mafuta a m'mafupa.

Nkhaniyi ikukhudzanso alimi a nkhuku. Matenda a Gumboro, omwe anafotokozedwa koyamba mu 1962 ataoneka m'dera la Gumboro ku Delaware m'dziko la America, amawononga kathumba komweka, makamaka mwa anapiye a masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi. Anapiye opulumuka amatsala ndi chitetezo chofooka, moti ngakhale katemera wa chitopa sagwira bwino ntchito. Pachifukwa ichi, alangizi a zaziweto amalimbikitsa alimi kutemera anapiye akadali aang'ono.