Zaka ziwiri zomwe ana athu anakazipeza ku Banjul

Mpaka chaka cha 2017, mtsikana wa zaka 16 wa kwa Msakambewa ku Dowa kapena kwa Nthondo ku Ntchisi sanali mwana pamaso pa malamulo. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko a 1994 linkati ubwana umathera pa zaka 16, ndipo gawo 22 linkalola wa zaka 15 kulowa m'banja bola makolo avomere. Mnyamata wa zaka 17 akagwidwa ndi mbuzi yakuba ankatha kuzengedwa mlandu ngati bambo wandevu, n'kutheka kukagona ndi akuluakulu kundende ya Maula.

Chonsecho boma linali litasaina kale mapangano onena zina. Pangano la United Nations la ufulu wa ana linakhazikitsidwa pa 20 Novembala 1989, ndipo Malawi analowamo mu 1991, Kamuzu akadali pampando. Koma panganolo linalibe khomo loti mwana wolakwiridwa akagogode. Maboma ankangotumiza malipoti ku Geneva, akatswiri n'kuyankha ndi malangizo, basi. Atsogoleri a mu Africa ndiwo anachitako bwino pamenepa. Pangano lawo la ufulu ndi umoyo wa mwana la 1990 linanena mosapsatira kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo gawo 44 linalola munthu kapena bungwe kukasumira boma ku komiti ya akatswiri. Malawi anavomereza panganoli mu 1999, mwina osaganizira kuti gawo limenelo lidzamutembenukira.

Kwa zaka zambiri andale athu nkhaniyi ankangoizungulira. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 linasiya malire pa 16 pomwepo. La maukwati la 2015 linati ukwati uziyambira pa 18, koma lamulo wamba silingapose malamulo aakulu, choncho kholo lofuna kukwatiwitsa mwana linali ndi pobisala.

Mu 2014 bungwe la maloya la IHRDA, lomwe likulu lake lili ku Banjul m'dziko la Gambia, linakapereka dandaulo ku komiti ya Africa ija m'malo mwa ana onse a ku Malawi. Boma silinalimbane nawo mpaka kumapeto. Mu Okutobala 2016 mbali ziwirizi zinagwirizana mwamtendere, koyamba m'mbiri ya komitiyi, ndipo boma linalonjeza kukonza malamulo aakulu pofika pa 31 Disembala 2018. Silinadikire n'komwe. Pa 14 Febuluwale 2017 aphungu 131 anavomera kusinthaku, awiri okha anakana, ndipo Peter Mutharika anasaina mu Epulo chaka chomwecho.

Kungakhale kunama kunena kuti Banjul yokha ndiyo inawatembenuza mitima aphungu. Kuno kwathu kunali kutawira kale. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inali ikuthetsa maukwati a ana ndi kuimitsa pa udindo mafumu owalekerera, ndipo atsikana monga Memory Banda anali pakhosi pa aphungu. Ntchito ya dandaulo lija inali kuika tsiku. Wandale amatha kulonjeza kwa zaka khumi, koma lonjezo lolembedwa, lokhala ndi deti, loti uzikafotokoza pamaso pa anzako a maiko ena pomwe wafika, limavuta kulizemba.

Nalo bungwe la United Nations linadzatsegula khomo lake mochedwa. Pangano lowonjezera lolola ana kukadandaula ku Geneva linavomerezedwa pa 19 Disembala 2011, n'kuyamba kugwira ntchito pa 14 Epulo 2014 maiko khumi atalowamo. Mwa khumiwo la mu Africa linali Gabon lokha. Dongosolo lake limafuna kuti wodandaula ayambe wayesa makhoti onse a kwawo, ndipo kwa mwana wa kuseri kwa phiri la Ntchisi, yemwe ngakhale ya kabaza yopitira kupolisi alibe, imeneyo ndi nkhani ya kumaloto.

Ana a kumapiri kuno madandaulo awo ambiri ali m'fodya. Amene anafikapo pachigafa m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi amadziwa: ana atakhala pansi kusoka masamba, zala zitada bii ndi utomoni, ena akudandaula mutu ndi nseru chifukwa chikonga cha masamba anyowa chimalowera pakhungu. Nkhani imeneyi inatulukira makomo ena. Mu Novembala 2019 dziko la America linayamba kutsekereza fodya wa ku Malawi pamadoko ake ponena za ntchito yokakamiza ndi ya ana. Mu 2020 maloya a Leigh Day anasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial ku khoti lalikulu la ku London m'malo mwa matenanti ndi ana awo zikwi zingapo. Makampaniwo anakana mlanduwo, koma mu 2021 khotilo linakana kuutaya. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti m'lamulo la ntchito. Apanso andale anathamanga pomwe msika wa fodya wa ku Kanengo unayamba kugwedezeka.

Otsalira kwenikweni ndi ana a kumsasa wa othawa kwawo wa Dzaleka. Msasawu, womwe kale unali ndende ya andale, unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 10,000, koma tsopano muli oposa 50,000. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali atasesa othawa kwawo m'matauni kuwabwezera kumsasa, ana ena anayamba adutsira ku Maula pamodzi ndi makolo awo. Gawo 23 la pangano la Africa lija limakamba za ana othawa kwawo mwachindunji, ndipo komiti yolandira madandaulo ilipobe, tsopano ku Maseru m'dziko la Lesotho. Vuto ndi loti makolo a ana amenewa savota, ndiye palibe phungu amene angataye mpando chifukwa cha iwo.