Kuchoka ku dengu la tiyi kukafika ku labotale ya ku Ndata

Mbiri ya tiyi ku Thyolo imatchula kwambiri mayina a eni minda: Maclean Kay, yemwe anayambitsa Satemwa mu 1923, banja la Conforzi, komanso maesiteti a Naming'omba ndi Makandi. Amayi amene ankathyola masambawo, ambiri mwa iwo Alhomwe ochokera ku Mozambique, satchulidwa.

M'nthawi ya atsamunda ntchito inali yogawidwa kale. Mayi ankalawirira kumunda, dengu kumsana, n'kumabudula timasamba tiwiri ndi kansonga kake mpaka nthawi yopita pasikelo. Kufakitale, kumene tiyi amafotetsedwa, kuphwanyidwa ndi kuumitsidwa ndi mpweya wotentha, makina anali a amuna. Kuyeza kutentha ndi chinyontho, komwe lero ana amaphunzira mu Physics, mtsikana sankakuyandikira.

Zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono. Mu 1993 boma linalola atsikana osiya sukulu chifukwa cha mimba kubwerera m'kalasi akachira. Mu 1994 sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ndipo ana a ogwira ntchito m'maesiteti anadzaza makalasi. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 linanena kuti posankha ophunzira m'makoleji, akazi kapena amuna asachepere 40 pa 100 aliwonse.

Mu 2014 sukulu yaukachenjede ya Malawi University of Science and Technology inatsegulidwa ku Ndata, m'boma lomweli, pamalo omwe anali munda wa Bingu wa Mutharika. Pulofesa Address Malata, namwino ndi mzamba, atapatsidwa udindo woiyendetsa anakhala mayi woyamba kutsogolera yunivesite ya boma m'dziko muno. Sukuluyi imaitananso atsikana a sekondale kudzagona pamenepo masiku angapo, akugwira okha zipangizo za sayansi.

Komabe njira yopita ku Ndata imadukira kusekondale. Mwana wa mayi wothyola tiyi kawirikawiri amasankhidwira ku sekondale yoyendera ya CDSS, ndipo sukulu zambiri zotere zilibe labotale. Za magetsi amangozikopera pabolodi, waya ndi batire osazikhudza mpaka mayeso a MSCE.

Vuto la kuchepa kwa amayi mu Physics si la kuno kokha. Pofika 2023, amayi opambana mphoto ya Nobel mu Physics anali asanu okha chiyambire 1901, woyamba Marie Curie mu 1903.

Eni maesiteti anamangapo zipatala ndi sukulu za pulayimale. Tsopano amange labotale m'masekondale oyandikana ndi minda yawo, boma litumizeko aphunzitsi a Physics.